Nsomba zikapanda kufa si ndiye kuti madzi ali bwino

Lero ndapsa mtima. Ndapeza bambo wina akutsuka pampu yopopera mankhwala ophera udzu mumtsinje, thovu lonse likutsetsereka ndi madzi. Nditawafunsa, iwo akuti, "Mwaonapo nsomba yakufa apa?" Basi, kwa iwo nkhani yathera pomwepo.

Abale, tidzasiya liti kuganiza kuti poizoni ndi yekhayo amene amayandamitsa nsomba chagada? Alipo mankhwala ena amene sapha, amangosokoneza mahomoni, timadzi ta m'thupi toyendetsa zinthu monga kubereka. Nsomba ikusambira, ikudya, yanenepa bwinobwino, koma mphamvu yoberekana yapita. Ndikuti yamoyo, koma mtundu wake ukutha!

Ku Ontario, m'dziko la Canada, asayansi ankathira homoni ya m'mapiritsi olera m'kanyanja kena kuyambira 2001 mpaka 2003. Ankathira pang'ono zedi, mlingo wonga umene umapezeka m'madzi ochokera m'masuweji. Tinsomba tatimuna totchedwa fathead minnow tinayamba kupanga zinthu za m'mazira ngati tatikazi, ndipo mtunduwo unatsala pang'ono kutheratu m'kanyanjamo. Chinavuta n'chakuti ana anasiya kubadwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kafukufuku wa mu 2015 ku Missouri, m'dziko la America. Anaika mazira a nsomba za medaka m'madzi okhala ndi BPA, mankhwala a m'mapulasitiki, kwa sabata imodzi yokha. Nsomba zimene zinaswedwa zinkaoneka bwino, ana ake nawonso bwino. Vuto linadzatulukira pa zidzukulu, zimene sizinalaweko madzi oipawo ngakhale tsiku limodzi: chiwerengero cha mazira ake ogwira chinatsika. Zidzukulu, anthuni! Agogo amwa, mdzukulu ndiye akuvutika kubereka.

Ndiye wina aziima pamtsinje n'kumawerenga nsomba zakufa? Chakudza sichiimba ng'oma. Madzi akhoza kuyera mbee, nsomba n'kumadumpha, pamene mbewu yake inawonongeka kale. Podzazindikira kuti ukonde ukubwera wopanda kanthu, wothira mankhwala uja adzakhala ataiwala n'komwe, ndipo aliyense azidzaloza nyengo.

Kaya ndi za m'munda, za m'mafakitale kapena za m'masuweji, zonse zimakathera m'madzi momwemo.

Ndipo inu amene mumataya mankhwala otha ntchito m'chimbudzi cha madzi n'kutsegula madzi, mumaganiza kuti akupita kuti? Malo ambiri oyeretsera madzi a suweji sanamangidwe kuti azichotsa zimenezo. Lekani!