Pemphero: ana athu a ku Salima aphunzire, afunse

Chauta Namalenga, Atate wathu, tabwera pamaso panu ndi ana athu a m'boma lino la Salima. Ena akukoka makoka ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ena akuingitsa mbalame m'minda ya mpunga ku Lifuwu, ena akupalasa kabaza pa boma, ena ali m'kalasi. A kutchalitchi ndi a kumzikiti, nonse mumawadziwa mayina.

Tikuthokoza kuti kuyambira mu 1994 mwana wa mphawi amalowa sukulu ya pulayimale osalipira fizi. Koma Ambuye, mukuona nokha kuti usipa ukachuluka panyanja, mipando m'kalasi imakhala yopanda eni. Abwezeni kusukulu. Atetezeni atsikana ku maukwati a ana, pakuti mu 2017 dziko lino lidakhazikitsa m'malamulo ake aakulu kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Ndipo akaphunzira, Atate, nzeru zawo zisathere pa satifiketi ya MSCE yosungidwa m'sutikesi. Adziwe kuti ndalama za CDF, zachitukuko cha m'dera la phungu, si mphatso yochokera m'thumba la phungu, ndi misonkho ya anthu, ya mayi wogulitsa matemba yemwe. Apatseni mtima wopita ku misonkhano ya VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, akhale kutsogolo, alembe zomwe zagwirizanidwa. Mjigo ukalembedwa papepala koma m'mudzi osaoneka, afunse. Chipinda chophunziriramo chikang'aluka mvula yoyamba, afunse kuti kontirakitala adalandira zingati ndipo adasainira ndani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, koma lingathandize bwanji ngati palibe wolemba kalata yofunsa? Makolo athu adati safunsa adadya phula. Musalole ana athu adye phula, Ambuye.

Tikukumbukira chaka cha 1992, pamene maepiskopi a Katolika adalemba kalata yawo yodzudzula boma, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba nkutuluka mumsewu kuivomereza, mpaka pa 14 June 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Anali ana a sukulu amenewo. Mzimu womwewo wa kulimba mtima muupereke kwa ana a kwa Khombedza, kwa Ndindi, kwa Maganga ndi kwa Kalonga.

Apulumutseni kwa andale amene amawakumbukira nthawi ya kampeni yokha, kuwapaka penti thupi lonse, kuwagulira kachasu ndi kuwapatsa zikwanje kuti akaopseze anzawo. Wophunzira asagulitse voti yake ndi malaya a chipani. Aliyense wokwanitsa zaka 18 akalembetse, akavote, ndipo chisankho chikatha asaleke kulondola malonjezo. Ena mwa iwo muwadzutse adzaime okha pa ukhansala.

Fewetsaninso mitima ya mafumu ndi akuluakulu, kuti mwana akaimika dzanja pabwalo asamuyese wamwano. Inu mudaletsa Yeremiya kudziderera kuti ndi mwana. Dalitsani aphunzitsi, makamaka a m'sukulu za sekondale zoyendera za CDSS zakumidzi, kuti asaope ophunzira ofunsa mafunso ovuta. Ndipo ana athuwo, akadzakhala pa mipando, manja awo asadzatole zomwe lero akudzudzula.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.