Njira ziwiri zisagone mu ngalande imodzi

Achimwene olemba, mwafotokoza bwino kuti chingwe cha fiber chonyamula intaneti chikaduka, deta imasamukira pa njira ina. Koma pali mfundo yomwe mwaidutsa mothamanga. M'kaulusi kamodzi ka galasi ka m'chingwecho mumayenda kuwala kwa mitundu yambirimbiri, ma wavelength, uliwonse ndi katundu wake. Ngati panjira palibe makina osinthira mtunduwo, umene mwanyamuka nawo ku Johannesburg uyenera kupezeka wopanda mwini pa chigawo chilichonse mpaka kukafika. Njira yachiwiri ikhoza kukhalapo ndithu, koma ngati mtunduwo wina anautenga kale pakati panjira, basi mwagwira njakata. N'chifukwa chake makampani amausungiratu mtunduwo pa njira yachiwiri vuto lisanagwe, ngakhale zimadya ndalama.

Chimene chimandiwawa ine ndi makampani ena amene amagulitsa njira ziwiri pomwe zingwe zonse zadutsa malo amodzi. Ndinaziona ndi maso anga ku Kempton Park, kufupi ndi Johannesburg, amisiri atavundukula dzenje m'mbali mwa msewu: zingwe ziwiri zagonerana mu paipi imodzi, matope ali thoo. Thirakitala yokumba ikangolakwitsa kamodzi, zonse zapita.

Pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa. Intaneti inavuta mpaka kumudzi ku Malawi, ife kuno tikuimbira makolo pa WhatsApp mawu akungodukaduka. Chonde mudzalembenso za mmene kasitomala angafunsire mapu osonyeza kumene zingwe zake zikudutsa asanasaine kontirakiti.