Galu kusanduka munthu pa kanema wa ana si ufiti

Ndakwiya, ndipo ndilankhula pompano.

Loweruka masana ana anga awiri ndi anzawo a pafupi pano anali pamkeka akuonera gawo lachiwiri la kanema wina wa ana, uja galu ndi mphaka amasanduka anthu kuti athandize kamtsikana kowasunga. Galuyo wasanduka mnyamata, wavala malaya, koma akamva kuyabwa akukwezabe mwendo kuti akande khutu. Ana kuseka mpaka kugubuduka. Kenako mayi wina woyandikana nafe anabwera kudzatenga mwana wake. Sanakhale n'komwe pansi. Anangosuzumira pakhomo, n'kukuwa kuti, "Zimitsani izi amake mwana! Mukuwaphunzitsa ufiti anawa!" Anamukoka mwana uja padzanja, mwana akulira, silipasi imodzi n'kutsala pakhonde langa.

Usiku wake wamng'ono wanga wa zaka 6 anandifunsa ali m'bulangete kuti, "Amayi, kodi ife ndife afiti?" Funso limenelo ndi lomwe landilembetsa izi.

Galu kusanduka munthu pa kanema si ufiti. Ndi nthano basi. Nthano! Kodi ife tinakula ndi chiyani? Agogo akati "Padangotero," ife n'kuyankha "Tili tonse," chotsatira chinali chiyani? Kalulu wolankhula, wopusitsa Njovu. Fisi wosanduka mnyamata wooneka bwino, kukafunsira mbeta pamudzi, n'kupita nayo kutchire, mpaka kamlongo kake kamene aliyense ankakanyoza n'kudzaipulumutsa. Nthano imeneyo tinaimvera pamoto, pakamwa pa agogo athu opemphera, ndipo palibe anatuluka m'menemo akuuluka pa lichero. Lero nyama yomweyo yasanduka munthu pa TV, basi akuti ndi satana. Chasintha n'chiyani? Yasintha ndi njira yofotokozera, nkhani ndi yomweyo.

Ngakhale m'Baibulo lomwe mayiyo amanyamula Lamulungu lililonse, pa Numeri 22, bulu wa Balamu analankhula ndi mbuye wake. Sindinamvepo wina akung'amba tsamba limenelo.

Mwina ndi mantha, mwina ndi zomwe amamva kumapemphero, kaya. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanangokhala mphindi khumi akanaona kuti kanemayo akuphunzitsa mwana kusataya mnzake pamavuto, kupepesa akalakwa, kusagenda galu. Ufiti wake uli pati pamenepo? Mwana wa zaka 6 amadziwa bwinobwino kuti galu wathu wa kuseri kuno sadzavala buluku. Wamkulu ndi amene walephera kusiyanitsa nthano ndi zenizeni.

Ndipo mawu akuti "ufiti" si oponya chisawawa m'dziko muno. Taona agogo akuphedwa ndi adzukulu awo chifukwa cha mawu amenewa. Taona ana akumenyedwa kuti aulule amene amawatenga usiku. Lamulo lathu la za ufiti, la 1911 lija, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndiye wina abwere pakhomo langa, awaponyere ana anga mawu amenewa chifukwa cha mphaka wovala diresi? Ayi, sindilola. Anthu a m'dera lino akamva kuti kwa uje amaphunzitsako ana ufiti, safunsa kuti anali kanema wanji.

Chondipweteka china n'chakuti mwana yemweyo ndimamuona pa video show ya pamsika, atakhala kutsogolo penipeni, akuonera mafilimu owomberana omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata otukwana zolaula. Magazi pena paliponse, zotukwana zomveka mpaka kumsewu. Ndalama yolowera amamupatsa ndi mayi ake omwewo, kuti awachokere pamaso azichapa bwino. Kumeneko sindinawaonepo akukamukoka padzanja.