Pemphero pa Tsiku Lokumbukira Asilikali Athu

Chauta Namalenga, Mwini moyo, lipenga lalira ndipo ife taima chete mphindi ziwiri, monga zinatontholera mfuti pa 11 Novembala 1918. Nkhata za maluwa ofiira zagonekedwa pa chipilala cha ku Zomba ndi cha ku Lilongwe. Tcherani khutu, Atate, timve nafe kulemera kwa tsikuli.

Tikuika m'manja mwanu anyamata a Keyala, gulu la asilikali la King's African Rifles, amene anagwa ku Karonga mu Seputembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija ya Chiwaya, itangoyamba kumene. Tikukumbukiranso ana awo amene anawoloka nyanja mpaka ku Burma, nakapirira mvula, matope ndi malungo m'chigwa cha Kabaw mu 1944, m'nkhalango imene makolo awo sanaimvepo n'komwe dzina lake.

Koma Ambuye, mtima wathu ukulira kwambiri chifukwa cha anthu a mtengatenga. Sanagwirepo mfuti. Anawatola m'midzi, ena ali kumunda khasu lili m'manja, nawasenzetsa mabokosi a zipolopolo ndi matumba a ufa pa nkhata, ulendo wa miyezi, opanda nsapato. Kamwazi, njala ndi chisanu cha m'mapiri zinawamaliza. Wogwa m'mbali mwa njira ankamulanda katundu n'kupatsa mnzake, mzere n'kumapitirira. Palibe anamufotsera, palibe chiliza, ngakhale mtengo woti adzukulu aloze n'kunena kuti agogo agona apa. Ife tikapita ku manda a nkhondo timawerenga maina olembedwa pa miyala, koma awawa tikawawerenga kuti? M'buku lanu mokha, Ambuye. Mbusa John Chilembwe anafunsa chifukwa chake amphawi a dziko lino ankafera nkhondo imene sinali yawo, ndipo funsolo tikulibweretsa kwa Inu, poti anthu sanaliyankhe.

Kumbukirani magogo ochepa amene atsala, aja amafika pamwambo atatsamira ndodo, mamendulo akulira ngwelengwele pa jekete yofwifwa. Tikhululukireni kuti timawaombera m'manja tsiku limodzi pachaka, n'kuwasiya miyezi yonse akusowa sopo ndi mankhwala. Tichititseni manyazi mpaka tikawaone.

Misozi ina sinaume. Tonthozani amasiye a asilikali athu amene anafera ku DRC posungitsa mtendere, monga Chancy Chitete amene anaphedwa pafupi ndi Beni mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mwana wofunsa kuti bambo abwera liti, mumuyankhe ndinu, ife mawu atithera. Amene ali kutali ndi kwawo usiku uno, mfuti ili paphewa, aphimbeni ndi dzanja lanu, abwerere akuyenda ndi miyendo yawo.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Kalonga wa Mtendere.

Amen.