Maselo a m'thupi atapatsidwa nkhope ndi ntchito

Anthu ena akamva za manga, mabuku azithunzi a ku Japan aja owerenga kuyambira kumanja kupita kumanzere, amangoti ndi zibwana. Ine ndikuti pali limodzi lomwe limaphunzitsa za magazi mwaluso kuposa mmene ambirife tinaphunzirira m'kalasi. Dzina lake ndi Hataraku Saibou, pa Chingelezi Cells at Work!, ndipo analijambula ndi Akane Shimizu. Linkatuluka m'magazini ya Monthly Shonen Sirius kuyambira 2015 mpaka 2021, n'kukhala mabuku 6, ndipo mu 2018 anapanga katuni yake ya pa TV.

Nzeru yake ndi yosavuta. Thupi la munthu ndi mzinda waukulu, maselo ake pafupifupi 37 thililiyoni ndiwo anthu okhalamo, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. Selo lofiira la magazi ndi mtsikana wovala zofiira wotchedwa AE3803, amene amakankha mabokosi a okosijeni kukapereka kwa eni ake, koma amasochera tsiku ndi tsiku m'misempha. Selo loyera ndi mnyamata wovala zoyera, U-1146, wampeni m'manja, wosaka mabakiteriya. Mapulateleti, amene amatseka bala kuti magazi asiye kutuluka, ndi tiana tating'ono tonyamula zipangizo zomangira. Tianati n'tosekesa, koma amene wationa saiwala kuti mapulateleti ndi aang'ono kuposa maselo ena a m'magazi ndiponso kuti ntchito yawo ndi yokonza pong'ambika.

Chimene ndimakondera bukuli n'chakuti limaphunzitsa kudzera m'nkhani. Mutu woyamba, bakiteriya woyambitsa chibayo walowa m'thupi ndipo mapeto ake akutulutsidwa ndi kuyetsemula. Kwina munthu wangokalika pakhungu, koma kwa maselo chimenecho ndi chiphompho chomeza nyumba. Palinso mutu wa mungu wa mitengo ya sugi (mkungudza wa ku Japan), womwe umavutitsa anthu ambiri ku Japan chaka chilichonse, ndipo umaonetsa kuti mphuno ikamachucha chifukwa cha mungu, asilikali a m'thupi ndi amene apitirira muyezo polimbana ndi chinthu chosaopsa. M'buku la kusukulu mumangowerenga kuti histamine, mankhwala amene thupi limatulutsa likamalimbana ndi munguwo, imachita zakutizakuti. Apa mumaiona ngati madzi akusefukira mumzinda, maselo akulozana zala kuti walakwa ndani.

Ndiye pali selo limodzi lomwe ife kuno tiyenera kulidziwa bwino. Mawu akuti CD4 timawamva kuchipatala, ena amadziwa ndi nambala yawo yomwe. Koma funsani kuti CD4 ndi chiyani, ambiri angoti ndi chitetezo. M'bukuli selo limeneli, helper T, ndi mkulu wa asilikali, amakhala mu ofesi, amalandira malipoti n'kulamula kuti gulu lakuti lipite kukamenya nkhondo. Iye satenga mpeni. Mukangomuona choncho, zimamveka zokha chifukwa chimene kachilombo ka HIV kamafooketsera thupi: kamapha wolamula, asilikali enawo n'kusowa wowauza kopita. Nkhani ya HIV ndaiwonjezera ndine, koma chithunzi cha mkuluyo n'chimene chimaichititsa kumveka.

Sindikuti zonse zili bwino. Magazi amakhetsedwa kwambiri m'zithunzi zake, moti mwana wamng'ono ndi bwino kuwerenga naye limodzi. Komanso mabakiteriya ambiri amajambulidwa ngati zilombo zoopsa, ngakhale kuti pambuyo pake anabweretsamo ena abwino okhala m'matumbo. Ndipo mwana wa sukulu asaganize kuti akhoza mayeso a bayoloje ndi katuni yokha. Selo lofiira lenileni lilibe nkhope, lilibe ngakhale nyukiliyasi (phata la selo), ndipo limakhala masiku pafupifupi 120 basi.

Kwa akuluakulu, ine ndimaona kuti lamphamvu kwambiri ndi lina lomwe linaphukira pa loyambali mu 2018, Cells at Work! Code Black, lolembedwa ndi Shigemitsu Harada. Mmenemo maselo amagwira ntchito m'thupi la munthu wosuta, womwa mowa, wosagona mokwanira. Misempha yadzaza mafuta, utsi wa fodya ukukomola onyamula okosijeni, chiwindi chatopa, antchito akufa koma ntchito siikuima. Mulibe dokotala wokudzudzulani. Mumangoona antchito anuanu akuzunzika chifukwa cha inu, ndipo zimabaya kuposa chenjezo la pa paketi ya ndudu.

Zoterezi si zachilendo ku Japan. Osamu Tezuka, amene ambiri amamutcha tate wa manga, anaphunzira udokotala, ndipo mu 1973 anayamba kujambula Black Jack, nkhani ya dokotala wa maopaleshoni. Ojambula athu akanati ayese, ndikanakonda ayambe ndi malungo: kachilombo kobwera ndi udzudzu, kobisala kaye m'chiwindi, kenako n'kulowa m'maselo ofiira n'kumawaphulitsa. Mutu woyamba ulipo kale pamenepo.