Kakhadi ka ma USB: ku Joni, ku Lusaka kapena konkuno?

Laputopu yanga ndi ThinkPad T420 yakaunjika, nkhalamba ndithu koma sindingayisiye. Vuto ndi ma port ake, onse ndi USB 2.0, ukamakopa vidiyo ya ukwati kupita ku hard drive umaphika nsima, kudya, kutsuka mbale, iyo ikadakwawabe. Nde mnzanga wina anandionetsa kachibowo kam'mbali komwe ine ndinkaona ngati kokongoletsa, kali ndi kapulasitiki kotsekera, akuti ndi ExpressCard, ukalowetsamo khadi umapeza ma USB 3.0 awiri, othamanga kuposa 2.0.

Ine phuma, ndinatuma msuweni wanga ali ku Joni. Uko zinthu amachita kuitanitsa pafoni, zimabwera pakhomo, ndipo lamulo lawo limati katundu akapezeka kuti ndi wakufa pasanathe miyezi 6 utha kubweza. Zabwino zimenezo koma kwa iwo okhala konko. Khadi ija inakwera basi, masabata awiri, kufika kuno kuyesa kulowetsa, yakana. Kani makhadiwa ali pawiri, ya 34mm ndi ya 54mm, T420 imadya ya 34 pomwe msuweni anagula ya 54 ija yokhala ngati L. Ya 34 imalowa mu slot ya 54, koma ya 54 mu slot yaing'ono olo mupemphere. Ndibweze bwanji poti ya transipoti yokha ikuposa khadiyo? Ili mu drawer mpaka lero, amene ali ndi ThinkPad X220, yomwe imadya ya 54, andipeze tikambirane.

Ku Lusaka ndinapitako pa zina, ndinazungulira timashopu ta ku Town Centre, ndipo chomwe chinandisangalatsa anyamata ake sakulola kuchoka, "boss nkalani, tizafuna", wina wathamangira kwa mnzake kuseli, mphindi 10 wabwera ndi tinthu titatu. Kamodzi kanali ka PCMCIA, kakhadi ka malaputopu akalekale kaja, kongofanana maonekedwe koma mapini ake ndi ena, nanga iye akufuna agulitse basi. Katundu ngochuluka kutiposa ife, izo sinditsutsa, koma ukhale ukudziwa wekha chomwe ukufuna.

Kwathu kuno ukatchula ExpressCard mushopu ambiri amangokutulutsira USB hub. Hub siyoipa ngati ukufuna pobaya mausi ndi kiyibodi, koma imangogawa port imodzi yomweyo, liwiro ndi lomwe lija la USB 2.0, 480Mbps. Amene anandithandiza ndi wokonza malaputopu, uja wa kabenchi kodzaza ndi mitembo ya ma Dell ndi ma HP, anafukula mukatoni napeza ya 34 ya chip ya kampani ya Renesas. Tinayesa pomwepo ndi laputopu yanga, Windows 10 inayiona yokha popanda driver (pa Windows 7 mukonzekere kusaka). Flash inawerenga bwinobwino, hard drive ikungolira tik tik osayaka, mkulu uja akuti khadi payokha mphamvu imachepa, anandipatsa kachingwe kotenga moto ku USB ina nkubaya pakhadipo, basi yadzuka.

Risiti palibe, warranty ndi pakamwa, "ikavuta mubwere nayo bwana." Komabe pa njira zitatuzi ine ndasankha yakwathuyi, chifukwa ndalama ndinatulutsa nditaona ndi maso anga file ikuthamanga. Kungoti khadiyo imatuluka pang'ono kunja, moti poika laputopu mchikwama ndimayamba ndazula kaye.