Shockley ndi anyamata asanu ndi atatu amene anamuthawa

Anthuni nkhani ya William Shockley imandiwawa mumtima nthawi zonse ndikaiganizira, ndiye lero ndangoti ndiilembe kaya mukhala ndi nthawi yowerenga kaya ayi. Foni mwagwirayo mkati mwake muli ma transistor mabiliyoni, tinthu tating'onoting'ono tomwe timatsegula ndi kutseka njira ya magetsi basi, ndipo chiyambi chake ndi December 1947 ku Bell Labs, malo ofufuzira za sayansi ku New Jersey ku America. Amene anapanga yoyambayo ndi John Bardeen ndi Walter Brattain. Shockley anali bwana wawo. Bwanayu atamva kuti anyamata ake atulukira chinthu iye kulibe, mmalo mosangalala anapsa mtima, anakadzitsekera yekha kwa masabata angapo osauza anzakewo kanthu mpaka anatulukira mtundu wina wa transistor umene unali wabwino kuposa woyamba uja. Nzeru anali nazo munthuyu, apo sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Koma onani chithunzi chimene kampani inajambula nthawi imeneyo, amene wakhala pampando patsogolo pa zipangizo ndi Shockley, eni ake ntchito aja angoima kumbuyo ngati alendo. Bardeen anatopa nazo anachoka mu 1951 kupita ku yunivesite ya Illinois, ndipo kumeneko anadzapatanso Nobel wachiwiri, mphoto yapamwamba ija ya sayansi, mu 1972. Woyamba uja anagawana atatu onse mu 1956.

Chaka chomwecho cha 1956 Shockley anatsegula kampani yake ku Mountain View ku California, kufupi ndi Palo Alto komwe kunali mayi ake. Maso osankha anthu anali nawo zedi, anatenga achinyamata ophunzira kwambiri ngati Robert Noyce ndi Gordon Moore. Koma kukhala nawo ndiye kunamukanika. Aliyense ankamukayikira, ntchito ankasintha pafupipafupi, lero pangani ichi mawa siyani, ndipo tsiku lina mayi wina wa mu ofesi atadzicheka dzanja pa chitseko, bwana anati pali munthu wachita dala ndipo anafuna kuti antchito akayezedwe pa makina oyeza ngati munthu akunama. Tangoganizani, anthu a ma PhD, chifukwa cha kachitsulo ka pa chitseko.

Mu 1957 antchito ake asanu ndi atatu, kuphatikizapo Noyce ndi Moore, anangonyamuka tsiku limodzi nkukayambitsa Fairchild Semiconductor ndi ndalama za Sherman Fairchild. Mpaka lero mbiri imawatchula kuti achiwembu asanu ndi atatu, koma ine dzina limeneli ndimalikana. Chiwembu chake chiti? Anayamba kaye apita kwa Arnold Beckman mwini ndalama za kampani ya Shockley kukadandaula kuti zinthu sizili bwino, sizinasinthe, nde akanatani? Ineyo ndinagwirapo ntchito pamalo ena pomwe ukabweretsa ganizo bwana amalikana pamaso pa anthu kenako patapita mwezi amabwera nalo ngati lake, ndipo ndikudziwa mmene munthu umafera mkati pang'onopang'ono, umangofika poti mmawa ukadzuka miyendo imalemera. Amene anakhalapo malo otere sangawatche anyamata aja achiwembu.

Ndiye onani zimene zinatuluka atapeza mpata wopuma. Jean Hoerni, mmodzi mwa asanu ndi atatuwo, anapeza njira yopangira transistor yafulati pa silicon yophimbidwa bwino, Noyce mu 1959 anaona kuti pa njira yomweyo ungathe kulumikiza tizipangizo tambiri pa kachidutswa kamodzi, ndiye chip chija cha mu foni ndi mu kompyuta, ngakhale Jack Kilby ku Texas Instruments anali atapanganso chake mu 1958. Mu 1968 Noyce ndi Moore anayambitsa Intel, kampani yopanga ma chip, ndipo Noyce kumeneko sankafuna zoti mabwana akhale ndi malo awoawo oimikapo galimoto kapena ofesi zikuluzikulu zotseka. Hoerni, Noyce ndi Moore onsewa anali mmanja mwa Shockley eti. Silicon Valley yonse ija, dera la makampani a makompyuta ku California, akanaidyerera ndi iyeyo, koma kampani yake sinapindule mpaka inagulitsidwa. Akuluakulu aja ponena kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi ankanena anthu ngati amenewa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kumapeto kwake. Atapita kukaphunzitsa ku yunivesite ya Stanford anasiya za magetsi nkuyamba kulalikira kuti anthu akuda ndi ochepa nzeru chibadwire, mpaka kupereka ganizo loti anthu amene sanakhoze bwino mayeso oyeza nzeru a IQ azipatsidwa ndalama kuti atsekedwe asabereke. Munthu wa Nobel, kunena za ife. Za chibadwa cha munthu sanaphunzire nkomwe, mendulo ija ndi imene inamupatsa pakamwa, ndipo nchifukwa chake ine sindigoma ndi munthu chifukwa choti ndi dokotala kapena injiniya akayamba kuyankhula zinthu zomwe si mbali yake. Ena amati tisiyanitse munthu ndi ntchito yake. Chabwino, transistor ikugwira ntchito ndipo tikuigwiritsa, koma kwa ine mtima umene unanyoza Brattain ndi Bardeen ndi womwewo umene unadzanyoza mtundu wonse wa anthu, unangokula.

Anamwalira mu 1989 ku Stanford anzake ambiri atamutaya kale. Ana ake atatu za imfa ya bambo awo anazimvera mu nyuzipepala.